Za Mpira Musandiikire

Salaula, zovala za kaunjika zija, itadzaza msika wa ku Chipata, matelala ambiri anagwira njakata. Ndani akanapita kukapimitsa shati n'kudikira mlungu wathunthu, pomwe pamulu pali ina yosokasoka, mabatani ali m'malo? Ena anabwerera kumudzi kukalima thonje, ena anayamba kuwotcha makala. Koma mdala wina wa ku Kapata, m'tauni momwemo, anakana kusiya sizasi yake. Nsalu zitasiya kubwera, anayamba kudula manyuzipepala.

Masiku amenewo nyuzipepala inkachokera ku Lusaka pa basi, n'kufika mochedwa, ndipo mtengo wake unkakwera limodzi ndi wa mchere ndi sopo. Ife a m'masukulu a kumidzi tinkangoiona itakulunga kapenta. Mdalayo ankazungulira m'maofesi ndi m'masitolo a m'tauni kutola manyuzipepala owerengedwa kale. Akafika nawo pakhonde la golosale pomwe panali makina ake, ankavala magalasi omangidwa ndi ulusi n'kuwerenga onse, tsamba ndi tsamba. Kenako ankadula nkhani imodziimodzi n'kuziika m'timilu, munthu aliyense wolembetsa kamulu kake. Pomaliza ankapalasa makina, msoko umodzi m'mphepete, kamulu kaja n'kusanduka kabuku. Ife tinkati mtolo. Wolembetsa ankapereka kangachepe pamwezi, ndipo mlungu ukatha ankabweza mtolo wakale n'kutenga watsopano, poti nkhani imodzi inkafunika kudyetsa anthu angapo.

"Nyuzipepala ndi nsalu ya pampukutu," ankatero mdalayo. "Munaonapo munthu atavala mpukutu wonse? Aliyense timamudulira ya pamuyeso wake."

Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale, kupitirira Mtenguleni, ukasiya tala n'kulowa njira ya fumbi. Ndinkakhala ndekha m'nyumba ya sukulu. Amuna anga ntchito inawathera pamene depoti yomwe ankalembako matumba a chimanga inatsekedwa, ndipo anakwera basi ya ku Lusaka kukasaka ina. Mwana tinalibe. Poyamba makalata ankabwera, kenako anayamba kufupika, kenako kunangoti zii. Achibale a ku Lusaka amene ndinawafunsa anati munthuyo anasamuka komboni yomwe ankakhala, ndipo kumene analowera sankakudziwa.

Funso langa linali limodzi lokha: kodi ndine mkazi wa munthu, kapena ndine wamasiye? Kwa ife Akatolika ukwati sutha chifukwa munthu wasiya kulemba kalata. Umatha ndi imfa. Choncho kutchalitchi ndinkakhala pakati pa amayi apabanja, koma akayamba kudandaula za amuna awo ndinalibe chothirapo. Amasiye nawo anali ndi kagulu kawo kotonthozana, koma kumeneko sakanandilandira, poti ndinalibe manda oloza.

Amene anandiuza za mdala wa ku Kapata anali mphunzitsi mnzanga wa kalasi yomaliza, bambo wansangala, amene anabwera pasukulupo amuna anga atapita kale. Iyeyo ankapalasa njinga kupita kutauni Loweruka lililonse kukatenga mtolo wake, ndipo anati akhoza kumanyamula ndi wanga womwe. Koma kulembetsa kunkafunika mwini wake, ndiye kumapeto kwa mwezi ndinapita ndekha.

"Madamu, khalani apo tikupimeni," anatero mdalayo. Tepi inali m'khosi, ngakhale kuti panalibenso chiuno choti apime. "Mumakonda chiyani? Ndale? Za kutchalitchi? Mitengo ya feteleza?"

"Za ku Lusaka, atate."

"Lusaka ni yaikulu, madamu. Za ku Lusaka ziti?"

"Zilizonse."

Chifukwa chake sindinamuuze. Mkazi wamkulu, wophunzitsa ana a eni, n'kuyamba kuulula pakhonde la golosale kuti mwamuna anandisowa ngati nkhuku? Pakhondepo panali amayi awiri ogula mafuta ophikira, makutu ali tcheru. Ndinangowonjezera mawu amodzi, ndipo ndinawanena mwamphamvu.

"Koma za mpira musandiikire."

Mpira unali mkazi mnzanga. Amuna anga anali ndi nyanga ya ng'ombe yomwe anaiboola kunsonga, ndipo Loweruka lililonse ankapita nayo kubwalo kukailiza mpaka masaya kuwawa. Lamlungu pa Misa mawu anali atatheratu, wansembe akati Ambuye akhale nanu iwo ankangoyasama. Tsiku lonyamuka kupita ku Lusaka anaiwala chikalata chawo cha sukulu pansi pa matilesi, ine n'kuchita kuwathamangira nacho kumsewu, koma nyanga inali kale m'chikwama, yokulungidwa bwinobwino m'thaulo. Ndinawanyoza tsiku limenelo kuti kodi ku Lusaka amalemba ntchito oliza nyanga. Anaseka. Ndiye ine kuona liwu loti mpira papepala mtima unkandiwira, ndipo sindinkafuna kulipira ndalama kuti ndizipsa mtima.

Mdalayo anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sanakhutire. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti zonena za anthu sankazikhulupirira. Ankati pa utelala anaphunzira kuti munthu amanama pakamwa, koma chiuno sichinama. Wina amabwera n'kunena kuti amakonda ndale za mayiko akunja kuti aoneke wophunzira, pomwe chimene amawerenga mpaka pepala kufewa ndi milandu ya chigololo ya kukhoti. Choncho mtolo ukabwerera, asanausomole, ankauyang'ana tsamba ndi tsamba padzuwa. Tsamba lobwerera lili gwa, lopanda khwinya, ndiye kuti silinawerengedwe. Lopindidwa pakona, lodontha tiyi, la mafuta a zala, limenelo ndiye lokondedwa. Ndipo tsamba losabwerera n'komwe, monga zithunzi za mpira zimene mnzanga uja ankazithothola n'kusunga, mdalayo ankakalipa pang'ono, mlungu wotsatira n'kuikamo zambiri.

Mtolo wanga woyamba unali ndi za ku Lusaka zedi: misewu ya maenje, amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu akuthamangitsidwa, bwana wina akutsegula nyumba ina. Ndinaziwerenga mothamanga. Chakumapeto kunali kachidutswa ka zidziwitso za maliro, mayina atandandana. Pamenepo ndinaima. Ndinali nditangoweruka, zala zili mbuu ndi choko, ndipo ndinayendetsa chala kuchokera pa dzina loyamba mpaka lomaliza. Nditafika pansi ndinabwereranso pamwamba, kuopa kuti mwina ndalumpha mzere.

Mlungu wotsatira zidutswa za maliro zinali zingapo. Mwezi usanathe, bwana wotsegula nyumba anasowa mumtolo wanga, amayi ogulitsa nawonso anasowa. M'malo mwake munadzaza mabasi ogubuduzika, kolera m'makomboni, anthu ogundidwa ndi sitima, mitembo yosowa eni ku nyumba yachisoni, ndi zithunzi zija achibale amaika pokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni munthu wawo. Zinali zaka zoipa, tonse tikudziwa. Matenda aja osatchulidwa dzina ankadula anyamata ndi atsikana omwe, ndipo mdalayo sankasowa chodula.

Ana akaweruka, pasukulu pankakhala bata lolemera. Kunkangomveka njiwa m'mitengo ya mango ndi mbuzi zonyambita mchere pakhoma la kalasi. Ndinkatulutsa mpando pakhonde, mpando winawo n'kuusiya m'nyumba poti panalibe woukhalira, n'kutsegula mtolo. Ndinafika powadziwa akufa a ku Lusaka kuposa anthu a m'mudzi woyandikana ndi sukulu. Wina akatulukanso patatha chaka ndinkamuzindikira, n'kunena ndekha kuti, ha, bambo wa tayi yamawangamawanga uja, chaka chakwana kale? Ndinali wosungulumwa, ndipo anthu amenewa ndiwo ankandichezera.

Mlendo wamoyo amene ankabwera kawirikawiri anali apongozi anga, amayi a amuna anga. Ankakhala kufupi ndi Mtenguleni, ndipo kamodzi pamwezi ankayenda wapansi kudzandiona, kamtedza kali m'nsalu. Kuwerenga sankatha, koma ankadziwa kuti ndimalandira mapepala a ku Lusaka. Ankakhala pamphasa, n'kupuma kaye, n'kumwa madzi, kenako funso.

"Mapepala akuti bwanji, mwana wanga?"

"Sanatuluke, amai."

"Ndiye kuti ali moyo," ankatero, n'kuyamba kusenda mtedza.

Ine sindinkaganiza choncho. Ndinkati mwina anafera pomwe palibe womudziwa, kapena dzina linalembedwa molakwika, kapena nyuzipepala ya tsiku limenelo wina anayatsira mbaula isanafike kwa mdala. Ndipo ndinene poyera, poti tsopano ndakula: panali masiku ena amene ndinkafuna kulipeza dzinalo. Sikuti ndinkawafunira imfa ayi. Koma wakufa sanakuthawe. Wamasiye amamulirira, amamuphikira, amamumeta tsitsi, nthawi ikakwana amamumasula. Chilichonse chili ndi mwambo wake, ndipo umangotsata. Wosiyidwa alibe mwambo, anthu amangomuyang'ana cham'mbali.

Nthawi ya Ncwala, mwambo wa Angoni wa ku Mtenguleni, tinkapitira limodzi ine ndi apongozi anga. Anzathu ankathamangira kubwalo kukaona amuna a zishango akuponda pansi, ife tinkaima kumsewu, m'matope, kuyang'ana otsika m'mabasi ndi m'malole ochokera ku Lusaka. Apongozi ankati Mngoni weniweni sangajombe zaka zonsezi. Akaona munthu wa kwawo ankamugwira mkono n'kumufunsa, ndipo yankho linali lomwelo, lakuti tauni ndi yaikulu. Madzulo tinkabwerera mwakachetechete, iwo kutsogolo ine pambuyo, nsalu zitanyowa.

Kamodzi ndinayesa kudandaula. Kunali kumapeto kwa mwezi, ndipo pakhonde paja ndinapeza mayi wina wa geni ya zitenje wa ku Mwami akulandira mtolo wake. Ameneyo nkhani zake zinali za msonkho wa pachipata cha malire ndi za kwacha ya kuno ndi ya ku Malawi, iti yagwa iti yadzuka. Nditamufunsa ngati anamva za basi imene inapha anthu mlungu umenewo, anandiyang'ana ngati ndachokera dziko lina. Iye anandifunsa ngati ndamva kuti msonkho wa nsalu wasintha, ine n'kumuyang'ana chimodzimodzi. Atachoka ndinatembenukira kwa mdala.

"Atate, kodi dziko latha? Mtolo wanga ndi maliro okhaokha."

Anatenga mtolo womwe ndinabweza, n'kutsegula pa tsamba lina lomwe anandiikira mongoyesa, la kaphikidwe ka keke. Linali loyera, losakhudzidwa. Anatsegula pa mayina. Mzera woyera wa choko unali utatsika pakati pa tsambalo, pena kawiri pena katatu.

"Choko ichi n'changa, madamu?"

Ndinayang'ana zala zanga.

"Ine nimasoka chimene thupi lapempha," anatero. "Mukafuna kusintha, sinthani chala."

Ndinapsa mtima, poti ankanena zoona. Ndinatenga mtolo watsopano n'kuchoka osatsazika bwino, ndipo nditafika kunyumba chala chinapita pomwe chinazolowera.

Mpira unalowa mumtolo wanga kamodzi kokha, chaka chija dziko lonse linalira anyamata a mpira amene ndege yawo inagwera m'nyanja. Pamenepo mpira unali maliro, ndiye unandikwana. Munali zithunzi za khamu la anthu olira, ndipo ndinayang'ana nkhope imodziimodzi mpaka maso kuwawa. Ndinkati ngati amuna anga ali moyo, apa sangalephere kupezeka. Sindinawaone. Kuyambira pamenepo mumtima ndinayamba kuwaika m'manda pang'onopang'ono, ndipo pa Misa, pofika popempherera akufa, dzina lawo linkandifika pamilomo lokha.

Zaka zinadutsa choncho. Ndiye mkazi wa mphunzitsi mnzanga uja anabereka mwana wamkazi, ndipo atatuluka m'chikuta ndinapita kukamuona, nditanyamula sopo ndi kansalu. Nyumba yawo inali kuseri kwa bwalo la sukulu, koma pabalaza ndi pomwe ndinkalekezera nthawi zonse. Tsiku limenelo, poti kunali mphepo, mayi wa mwana anandiitanira kuchipinda.

Khoma lonse la chipindacho linali mpira. Bamboyo ankamata zithunzi zake ndi phala, china pamwamba pa chinzake, kuyambira pamutu pa bedi mpaka kudenga. Mkazi wake anaseka n'kunena kuti zimathandiza kutseka ming'alu. Ndinakhala pabedi, anandipatsa mwana, ndinamuyamikira tsitsi ndi zala. Kenako ndinakweza maso.

Choyamba kuona chinali nyanga. Inali ndi kachingwe kake komwe kaja, kamene ndinaluka ine ndi ulusi wotsala pa juzi. Kumbuyo kwa nyanga kunali masaya otupa ndi mpweya, ndipo pamwamba pa masaya panali maso amene ndinali nditawafunafuna pakati pa akufa zaka zonsezo. Anali atanenepa. Anavala shati yomwe sindinkaidziwa. Pamapewa pawo panali kamnyamata ka zaka ziwiri kapena zitatu, katagwira mutu wawo ndi manja onse, kakuseka. Pansi pa chithunzicho panali mawu ochepa a Chingerezi, onena kuti wokonda mpira uyu ndi mwana wake akusangalalira chigoli.

Pepalalo linali litachita chikasu, ntchentche zitaliipitsa m'mphepete. Silinali la dzulo kapena la dzana.

Mwana uja anali akadali m'manja mwanga, ndiye sindikanatha kugwa kapena kukuwa. Ndinapitiriza kumugwedeza. Ndinafunsa dzina lake, ndinafunsa ngati akuyamwa bwino, ndinamva mayankho onse. Bambo wake atalowa ndinaloza khoma ndi chibwano.

"Aphunzitsi, chithunzi icho cha munthu wa nyanga, munachimata liti?"

"Icho? Chakhalitsa, madamu. Mvula ziwiri zapita, kapena kuposa. Mdala anandiikira poti amadziwa kuti nimakonda za masapota. Bwanji, mwayamba mpira manje?"

"Ndipatseni."

Anaseka, koma ataona nkhope yanga kuseka kunatha. Anatenga mpeni n'kuchimatula mosamala, chinachoka ndi njereza ya khoma kumbuyo kwake. Sanafunse kanthu, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo. Ndinabweza mwana, ndinatsazika monga mwa ulemu, n'kudutsa bwalo la sukulu dzuwa lili paliwombo. Mvula ziwiri amuna anga akuliza nyanga kuseri kwa bwalo limenelo, ine ndili pakhonde kuyendetsa chala pa mayina a anthu a eni.

Sindinalire tsiku limenelo. Ndinasesa nyumba yosesa kale, ndinachapa zochapa kale. M'mawa mwake, poti linali Loweruka, ndinaika chithunzicho pakati pa buku la nyimbo za kutchalitchi n'kuyamba ulendo wa kwa apongozi. Nkhani inali ya mwana wawo, sindikanawabisira.

Ndinawapeza akupeta mapira pabwalo. Anadabwa kundiona, poti oyenda anali iwo nthawi zonse. Nditagwada n'kupereka moni, ndinatsegula bukulo.

"Amai, atuluka."

Lichero linagwa. Iwo anaganiza za tsamba la maliro, poti ndi lomwe ankalidziwa, ndipo anayamba kale kugwira mutu. Ndinawapatsa pepalalo msanga. Analiika patali, analibweretsa pafupi, analitembenuzira kudzuwa. Kenako nthungululu inang'amba mudzi wonse.

Sindinawaonepo akuvina chotero, ngakhale pa ukwati wathu. Nkhalamba ya miyendo yotupa inaponda pansi mpaka fumbi kukwera, pepala lili m'mwamba. Anthu anatuluka m'nyumba, ena anabwera akuthamanga kuchokera kudimba, chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja.

"Ali moyo! Onani kunenepa! Ndipo onani makutu a kamwanaka! Awa ni makutu a malemu amuna anga, osachita kufunsa. Nili na mdzukulu ine! Nili na mdzukulu ku Lusaka!"

Wina anayamba kuthamangitsa nkhuku. Amayi ena anabwera kudzandigwira chanza, ati zikomo madamu, amuna anu apezeka, Mulungu ngwamkulu. Ndinalandira manja awo onse. Ndinali nditakhala pamphasa pomwe ndinafikira, buku la nyimbo lili pamiyendo.

Patapita nthawi apongozi ananditembenukira, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anali mayi wabwino, sanali wouma mtima. Anabwera kudzakhala pafupi nane, phewa ndi phewa, akupumira m'mwamba.

"Pepani, mwana wanga," anatero chapansipansi. "Wakulakwirani. Akadzabwera nidzamukalipira pamaso pa anthu." Koma chimwemwe chinawaposa mphamvu. "Koma ali moyo."

"Ali moyo, amai."

"Pepalali mungandisiyire?"

Ndinawasiyira. Ndikanalitani ine? Nkhuku ija ndinadya nawo, poti kukana kukanakhala mwano, ndipo chakumadzulo anandiperekeza mpaka pamsewu, chithunzi atachimanga pakona ya chitenje. Pobwerera ndinawamva akuyimba.

Kumapeto kwa mwezi ndinapita ku Kapata. Pakhonde panalibe wina, ndiye ndinakhala pa benchi n'kumuuza mdala zonse, kuyambira pa depoti mpaka pa makutu a kamwana. Aka kanali koyamba kufotokoza nkhani yanga yonse kwa munthu. Anasiya kupalasa makina, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kansanza nthawi yaitali.

"Chithunzi chimenecho nikuchikumbuka," anatero. "Ninachigwira m'manja muno. Ninaseka nayo nyanga ija." Anapukusa mutu. "Madamu, mukanandiuza. Ine nimati mwina munataya mwana, ndiye maliro a anzanu amakutonthozani. Mukanati chabe, nikufuna munthu wa nyanga."

"Ndinati za mpira musandiikire, atate. Munamvera."

"Ninamvera," anavomera, koma sanakondwe nako kumverako.

Galimoto ya makala inadutsa, fumbi linatera pa timilu ta nkhani, iye analikupiza ndi dzanja. Kenako anavalanso magalasi, anakonza tepi m'khosi, n'kunditembenukira monga tsiku loyamba lija.

"Chabwino. Thupi lasintha, tipimenso. Maliro tachotsa. Manje inu, madamu, mumakonda chiyani?"

Ndinafufuza m'mutu monga umafufuzira m'thumba lobooka. Ndinkadziwa chimene amuna anga ankakonda, chimene apongozi ankakonda, ngakhale chimene mayi wa zitenje wa ku Mwami ankakonda. Kale ndithu ndinali ndi zanga, ndisanayambe kudikira, koma sindinathe kukumbuka ngakhale chimodzi. Mdalayo anadikira, sanandifulumizitse.

"Sindikudziwa, atate."

"Palibe kanthu. Nidzaika pang'ono pa chilichonse, choko chidzatiuza."

Loweruka lotsatira mnzanga anabweretsa mtolo wonenepa kuposa yonse. Munali kabzalidwe ka soya, njovu zovutitsa anthu kuchigwa, mkangano wa andale, mavalidwe a akwati, mpikisano wa makwaya, ngakhale kachidutswa ka mpira, kakang'ono, koikidwa mwamantha pakati. Lolemba nditaweruka ndinatulutsa mpando pakhonde, zala zili mbuu, n'kuyamba. Ndinawerenga zonse mwaulemu, monga umadyera chakudya cha kwa eni. Chala sichinatsike pa tsamba lililonse.

Nditafika kumapeto ndinatembenuza tsamba la soya lija, ndipo kumbuyo kwake, pomwe mdala sanayang'ane, kunali theka la mndandanda wa maliro, sizasi itadula mayina ena pakati. Chala chinapita chokha. Chinatsika dzina loyamba, lachiwiri, lachitatu, mwachizolowezi chake, ndipo chinali pakati pa tsamba pamene ndinakumbukira kuti palibe amene ndikumufuna. Kwa amoyo ndinalibeko wanga, ndipo tsopano ngakhale kwa akufa ndinalibeko.

Pamenepo ndiye ndinalira, pakhonde, masana, mbuzi zikundiyang'ana. Nditatha ndinapukuta choko chija patsambalo ndi nsonga ya chitenje, kuti mdala asadzachione.